Galimoto ya ngozi: yambani mwakonza mapepala, chitsulo pambuyo

Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzabwerezanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuitanitsa galimoto ku Japan kwasanduka maloto chabe kwa mabanja ambiri. Galimotoyo muigule m'madola, mukaitenge ku Dar es Salaam, pofika pa Songwe mupeze msonkho ukukudikirani. N'chifukwa chake maso a anthu tsopano ali kuseri kwa magalaja, kumene kumagona magalimoto amene adachita ngozi: ina yophwanyika kumaso, ina idagubuduka n'kupindika denga, ina yakhala pamiyala zaka zitatu mpaka nkhuku zayamba kuikiramo mazira.

Kuno ku Balaka ndi Machinga magalimoto otere sasowa, paja tili pamphambano. Msewu wa M1 umadutsa pa Phalula kulowera ku Chingeni. Wa M8 umachoka pa Chingeni kudzera pa Balaka kukakumana ndi wopita ku Mangochi. Wa M3 umatsetsereka m'mapiri a Machinga kudzawoloka Shire pa Liwonde n'kupitirira ku Ulongwe. Ndiye pali uwu wolowera ku Nsanama, Ntaja ndi Nselema. Misewu imeneyi ndiyo imadzaza magalaja athu ndi zitsulo zopindika, ndipo munthu wamaso akaona Sienta kapena Probox yopunduka amayamba kuwerengera mumtima: nditaiwongola, itayamba matola pakati pa Liwonde ndi Ntaja, si basi ana apeza fizi?

Maganizowo si olakwika. Pali mabanja amene lero akudya chifukwa cha galimoto imene ena adaitaya. Koma mwa mafunso amene awerengi mumanditumizira pa tsamba lino, limodzi limabwerabwera, ngakhale mawu ake amasiyana: “Ndidagula galimoto ya ngozi motchipa, ndaikonzetsa ndipo ikulira bwinobwino. Nanga nditani kuti ikhale m'dzina langa?” Ndikafika pa mawu akuti “ndaikonzetsa” mtima umandiwawa, chifukwa funsolo lafika ndalama zitapita kale. Ndipo ndalama zake sizikhala zotola panjira. Zimakhala za penshoni ya aphunzitsi, za thonje kapena mpunga wa chaka chonse, za mwana amene akugona pozizira ku Joni, kapena ngongole ya ku banki mkhonde imene mayi a pakhomo adaimirira pamaso pa anzawo.

Langizo langa ndi limodzi. Galimoto ya ngozi imakonzedwa kawiri, papepala ndi pachitsulo, ndipo pepala ndilo liyenera kuyamba. Musanagule bawuti ngakhale imodzi, tsimikizani kuti galimotoyo ingathe kulembedwa m'dzina lanu.

Blue book n'chiyani kwenikweni?

Tonse timangoti blue book, koma chenicheni ndi chiphaso chosonyeza kuti galimoto idalembetsedwa m'kaundula wa boma. Kaundulayu amasungidwa ndi nthambi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene timangoitchula kuti Road Traffic, ndipo masiku ano zonse zili mu kompyuta yotchedwa MalTIS. M'menemo muli nambala puleti, kaya ndi BLK kapena MHG, nambala ya chasisi, nambala ya injini, mtundu wa galimoto ndi dzina la mwini wake. Anthu nawonso amalembetsa m'menemo, kujambulidwa nkhope ndi zidindo za zala, n'kulandira khadi lawo. Kwa ife a chigawo chino, ofesi imene ambiri timathamangira ndi ya ku Zomba, ena amapitirira ku Blantyre.

Tanthauzo lake n'lakuti pamaso pa boma, galimoto ndi nambala ya chasisi imene yamangidwa ku dzina la munthu. Zitseko mungasinthe, penti mungasinthe, koma chingwe chimenechi chimamasulidwa ku ofesi kokha, ndipo mwini wake wolembedwayo ayenera kutengapo mbali.

Ambiri timadalira kalata ya mgwirizano wa malonda, yosainidwa ndi mboni ziwiri, mwinanso yodindidwa ndi amfumu. Kalatayo ndi yofunika ndipo muilembe ndithu, koma ntchito yake ndi kuchitira umboni kuti mudapereka ndalama. Siisintha dzina mu kompyuta. Komanso lamulo la kagulitsidwe ka katundu, la Sale of Goods Act, lili ndi mfundo imene agogo athu ankaidziwa asanaone khoti: munthu sangakupatseni umwini wa chinthu chimene si chake. Pogula ng'ombe timafunsa khola limene yachokera ndi kalata yoyendera. Nanga galimoto ya mamiliyoni tiigule bwanji ndi mawu apakamwa?

Mwini wake ndani?

Galimoto ikachita ngozi yaikulu, nthawi zambiri amene ali ndi makiyi sakhala amene ali ndi mphamvu yoigulitsa. Pali anthu anayi amene angakhale atabisala kuseri kwa wogulitsayo.

Woyamba ndi kampani ya inshulansi. Lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshulansi ya third party, imene imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu, osati galimoto yanu. Koma amene adadula ya comprehensive, galimoto ikawonongeka koti kukonza kungadye ndalama zoyandikira mtengo wake, kampani imangoti write-off n'kumulipira. Ikalipira, chitsulo chotsalacho chimasanduka cha kampaniyo. Amatenga makiyi ndi blue book, n'kudzachigulitsa pa tenda kapena pa okushoni. Nthawi zina amagwirizana ndi mwini wake kuti atsale nacho, n'kumuchotsera pa ndalama zomulipira. Choncho mukamva kuti galimotoyo idali ndi comprehensive, funsani kalata yosonyeza kuti kampani idamusiyira chitsulocho. Ngati mukugula ku kampani kwenikweniko, onetsetsani kuti lisiti ndi kalata ya malonda zili m'dzina lanu, zatchula nambala ya chasisi, ndipo afunseni mosapita m'mbali ngati akuigulitsa kuti ikakonzedwe kapena kuti ikaphwasulidwe. Ngati mukugula kwa munthu amene adapambana tendayo, kumbukirani kuti mapepala a kampani akutchula iyeyo, choncho akufunika kuyenda nanu mpaka kumapeto.

Wachiwiri ndi wangongole. Ngozi siifafaniza ngongole. Galimoto yogulidwa ndi ngongole ya ku banki imakhalabe chikole ngakhale itapindika ngati chitini cha sadini, ndipo kawirikawiri blue book imasungidwa ku banki komweko. Kuchokera pa lamulo la Personal Property Security Act la 2013, pali kaundula ku ofesi ya Registrar General mmene obwereketsa ndalama amalembetsamo katundu wosunthika amene waikidwa chikole. Funsani kalata ya banki yonena kuti ngongole idatha. Ndipo mukamva mawu akuti “Bwana, blue book idatayika posamuka,” musathamangire kumva chisoni. Nthawi zina imakhala idatayikadi. Nthawi zina imakhala ili m'sutikesi ya wakatapila. Ngati idatayikadi, mwini wake wolembedwayo ndiye amene angakanene kupolisi n'kukapempha ina ku Road Traffic. Achite zimenezo asanalandire ndalama zanu.

Wachitatu ndi womwalira, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imaluma kwambiri. Ngozi imene idapha galimoto nthawi zina idatenganso mwini wake. Pakapita miyezi, mchimwene wa malemu kapena amalume amabwera n'kunena kuti, “Chitsulochi chikungotikumbutsa maliro, tengani ndi ndalama iliyonse.” Lamulo la chuma cha masiye, la Deceased Estates la 2011, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Galimoto ya womwalira, ngakhale yophwanyika, ndi gawo la chumacho. Amene angaigulitse ndi munthu amene wilo idamutchula kapena amene khoti lamupatsa makalata oyendetsera chumacho. Banja liyambe lapeza chiphaso cha imfa, lifike ku ofesi ya DC ku Balaka kapena ku Machinga, kapena kwa Administrator General, kuti liwongoleredwe. Inu ogula, dzifunseni ngati mungakonde kuti bizinesi yanu imangidwe pa misozi ya mayi wamasiye amene sadafunsidwe. Ndipo inu amayi otsala, musalole kuuzidwa kuti ndi sikirapu chabe. Injini, giya bokosi ndi zitseko zili ndi mtengo, ndipo mtengowo ndi fizi ya ana anu.

Wachinayi ndi munthu woiwalika. Magalimoto ambiri m'matauni mwathu agulitsidwa katatu kapena kanayi dzina lisanasinthidwepo. Amene akukugulitsani adagula kwa wina wa ku Ulongwe, amene adagula kwa wina wa ku Limbe, pamene mu kompyuta muli dzina la bambo wina amene adapita ku Johannesburg zaka zisanu zapitazo. Galimoto ikamayenda, anthu amangozemba nazo. Ikachita ngozi n'kufuna kulowanso mumsewu, mfundo zonse zija zimafuna kumasulidwa nthawi imodzi. Ngati munthu wa m'kaundulayo sangapezeke, ntchito imene ikukudikirani ndi yaikulu kuposa ya makaniko.

Msonkho umatsata chasisi

Tili pafupi ndi malire a dziko la Mozambique, ndipo ana athu ambiri a ku Machinga ndi Balaka ali ku South Africa. Choncho si zachilendo kupeza galimoto yophwanyika ili ndi nambala ya kunja. Galimoto yobwera ndi mlendo imalowa ndi chilolezo chongodzacheza, chimene amati TIP, ndipo imayenera kutulukanso. Ikachita ngozi kuno, mwini wake amakhumudwa n'kuigulitsa motaya kuti apeze ya basi yobwererera. Wogula amasangalala, osadziwa kuti galimotoyo sidalipiridwepo msonkho ku Malawi Revenue Authority. Popanda umboni wa MRA woti msonkho udaperekedwa, a Road Traffic sangailembetse, ndipo a MRA ali ndi mphamvu yoigwira.

N'chimodzimodzinso magalimoto amene adalowa osalipira msonkho chifukwa eni ake ndi mabungwe, mipingo kapena anthu amene lamulo limawapatsa mwayi umenewo. Mwayiwo ndi wa mwini wakeyo. Galimoto ikamapita m'manja mwa munthu wamba, a MRA ayenera kudziwa, ndipo pangakhale msonkho woti ulipiridwe. Pitani mukafunse ndi nambala ya chasisi m'manja, mudziwe ndalama zake musanagwirizane mtengo ndi wogulitsa.

Kwa amene mumatumizidwa magalimoto ndi abale a ku Joni, dziwani kuti kumeneko galimoto iliyonse ili ndi kodi m'kaundula wawo. Code 2 ndi yogwirapo ntchito kale, Code 3 ndi imene idawonongeka kwambiri n'kumangidwanso, pamene Code 4 ndi imene idalembedwa kuti idaphwasulidwa kotheratu ndipo siyenera kubwereranso pamsewu. Galimoto yochokera m'maiko a kuno kummwera kwa Africa imafunanso chiphaso cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yakuba. Ku Britain, kumene magalimoto ena athu amachokera, kuyambira Okutobala 2017 amagawa magalimoto a ngozi m'magulu anayi. Gulu A limaphwanyidwa lonse, gulu B amangochotsako zipangizo, gulu S ndi lowonongeka mafupa koma lokonzeka, gulu N ndi lowonongeka mbali zina zosakhudza mafupa. Ku America pepala lenilenilo limalembedwa kuti salvage. Maiko onsewa adaona chinthu chimodzi: penti imabisa mbiri ya galimoto, choncho pepala liyenera kuikumbukira. Mwana wanu akakuimbirani kuti wapeza yotchipa ku okushoni, mufunseni kodi yake asanalipire.

Apolisi ndi nambala ya chasisi

Mwina mudadabwapo kuona munthu akupereka ndalama zambiri pa galimoto yopsa kapena yophwanyikiratu, n'kumaumirira kuti blue book ibwere nayo. Si onse otere amene ali ndi mtima woipa, koma akuba magalimoto amafuna chinthu chimodzi ku sikirapu: dzina lake. Amadula kachigawo kamene pali nambala ya chasisi, n'kukawotcherera pa galimoto yakuba ya mtundu womwewo. Yakubayo imavala mapepala a yakufayo n'kulowa mumsika ngati “ya ngozi koma yokonzedwa bwino.”

N'chifukwa chake posintha umwini pamafunika chiphaso cha apolisi oona za kubedwa kwa magalimoto, amene amagwira ntchito mogwirizana ndi Interpol. Amayang'ana nambala ya pachitsulo n'kuifananiza ndi ya papepala ndi ya m'kaundula wa magalimoto obedwa. Inunso mungayambe nokha musanafike kumeneko. Tengani tochi ndi kansalu. Nambala ya chasisi imadindidwa pachitsulo chenicheni, kawirikawiri kuseri kwa injini kapena pansi pa mpando wa dalaivala, ndipo pamakhalanso kambale kakang'ono kokhomedwa. Magalimoto ambiri a ku Ulaya ndi South Africa amakhala ndi zilembo ndi manambala 17, pamene opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi yaifupi, yoyamba ndi chizindikiro cha mtundu wa galimotoyo. Werengani chilembo chimodzichimodzi mofananiza ndi blue book. Mukaona zipsera za kuwotcherera mozungulira nambalayo, kapena papalidwa, kapena penti yatsopano pamalo amenewo pokha, bwezani ndalama m'thumba. Galimoto ikapezeka kuti ndi yakuba imalandidwa, ndalama zanu sizibwera, ndipo kulandira katundu wakuba ndi mlandu umene mudzafunike kudziyeretsa nokha.

Funsaninso za lipoti la apolisi la ngoziyo. Ngati pangozipo padafa kapena kuvulala anthu, galimotoyo ingakhale umboni pa mlandu umene sudathe. Imene ili pabwalo la polisi imatuluka ndi chilolezo cha apolisi kapena khoti, osati ndi mawu a mwini wake okha.

Ndondomeko yake

Nayi njira imene ndimalangiza, ndipo chofunika kwambiri ndi kutsata kwake.

Choyamba, onani blue book yeniyeni, osati fotokope kapena chithunzi cha pa WhatsApp, ndipo dzina lake lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsayo.

Chachiwiri, fananizani nambala za chasisi ndi injini ndi zimene zalembedwa.

Chachitatu, pitani limodzi ndi wogulitsa ku Road Traffic mukafunse mmene galimotoyo ilili mu kompyuta: ili m'dzina la yani, pali banki kapena chiletso chilichonse, pali ngongole ya zindapusa, ndipo kodi sidachotsedwe m'kaundula ngati galimoto yoti siidzayendanso? Ngati idachotsedwa, afunseni akuuzeni zimene zingafunike kuti ilembedwenso, ndipo mulembe zimene akuuzanizo.

Chachinayi, malizani za apolisi, ndi za MRA ngati zilipo.

Chachisanu, lembani mgwirizano wotchula nambala zonse, mtengo, ndi mawu omveka akuti galimotoyo ndi ya ngozi. Musapereke ndalama zonse tsiku limodzi. Sungani gawo looneka loti mudzamalize dzina likasintha, chifukwa wogulitsa amene walandira zonse foni yake imayamba kuvuta netiweki. Lipirani kudzera ku banki kapena pa foni kuti patsale umboni.

Chachisanu ndi chimodzi, tsopano itanani amakaniko. Jambulani zithunzi isanakhudzidwe, ikukonzedwa ndiponso itatha. Sungani lisiti la chipangizo chilichonse chachikulu. Mukasintha injini kapena mtundu wa penti, kaundula ayenera kudziwa, ndipo injini yatsopanoyo ikhale ndi mapepala osonyeza kumene yachokera. Muuzeni wowongola zitsulo kuti asakhudze pamene pali nambala ya chasisi. Ngati ngozi idawononga pomwepo, onetsani apolisi ndi a Road Traffic musanawotcherere chilichonse.

Chomaliza, kayezetseni kuti mupeze COF, dulani inshulansi, ndipo ngati ndi ya matola, pezani ziphaso zonyamulira anthu. Poipititsa kugalaja ikadali yopunduka, ikokedwe kapena inyamulidwe. Musaiyendetse usiku mozemba.

Panja pa maofesi otere simulephera kukumana ndi madobadoba, okuuzani kuti, “Biggie, musavutike ndi mzere, ndipatseni mapepalawo pofika mawa zikhala zatheka.” Pepala lopezeka mwachidule limadzakugwetsani tsiku limene mukulifuna kwambiri, monga pamene mwachita ngozi ndipo a inshulansi ayamba kufufuza. Lipirani pamalo ovomerezeka, landirani lisiti la boma. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene pepala silinena

Tiyerekeze kuti mapepala onse ali bwino. Patsala funso limene blue book siingayankhe: kodi galimotoyi ndi yoyenera kunyamula ana anu? COF imayesa mabuleki, magetsi, matayala, chiwongolero ndi zina zooneka pa tsikulo. Siingakuuzeni mmene chitsulo chidzachitire pa ngozi yachiwiri.

Magalimoto ang'onoang'ono a masiku ano alibe chasisi chapadera ngati malole. Thupi lonse ndilo fupa, ndipo kumaso kwake kudapangidwa dala kuti kuzipindika pomenyedwa, kuti mphamvu ya ngozi ithere pamenepo isanafike kwa anthu. Chitsulo chimene chidapindika kale, n'kutenthedwa ndi moto, n'kukokedwa ndi tcheni chomangirira ku mtengo wa mango, chimaoneka chowongoka koma mphamvu yake siikhala yakale. Ena amalumikiza magalimoto awiri, kumaso kwa ina ndi kumbuyo kwa ina. Ntchitoyi ikachitika mosasamala, galimoto imatha kung'ambika pamsoko pomwepo. Ma airbag akaphulika sabwereranso, ndipo pali okonza ena amene amangotseka chibowo n'kuzimitsa kagetsi kochenjeza. Malamba a pampando amene adagwira munthu pa ngozi yaikulu nawonso amafunika kusinthidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso magalimoto amene sadagundidwe koma adamira, monga zidachitikira m'maboma ambiri a kummwera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Amenewa amanyenga kwambiri chifukwa kunja amakhala osalala. Madzi amatope akalowa mu mawaya ndi m'makompyuta a galimoto, matenda amatuluka pang'onopang'ono kwa miyezi. Kwezani kapeti, nunkhizani, onani dzimbiri pa njanji za mipando. Ikakhala ya hybrid, batire lake lalikulu ndi lodula ndiponso loopsa kuligwira munthu wosadziwa.

Pezani makaniko wanuwanu, amene sadya nawo pa malondawo, akaione asanaipake penti. Mukaikonza, kayezetseni matayala pa makina a alayimenti. Galimoto imene imakokera mbali imodzi kapena kudya tayala limodzi mwachangu ikukuuzani kuti fupa lake ndi lokhota. Ganizirani za galimoto yotereyo ikutsika mapiri a Machinga kulowera ku Liwonde mvula ikugwa, itadzaza anthu ndi matumba a mpunga. Ndipo tsiku limene mudzafune kuigulitsa, muuzeni wogulayo mbiri yake monga mmene inu mukadafunira kuuzidwa.

Kwa inu amene mukugulitsa

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Ngati galimoto yanu yachita ngozi ndipo mwaganiza zoitaya, musangopereka makiyi ndi blue book n'kusamba m'manja. Dzina lanu likatsala mu kompyuta, chilichonse chimene nambala imeneyo idzachite chidzagogoda pakhomo panu: zindapusa, ngozi ina, ngakhale galimoto yakuba imene yavekedwa chasisi chanu. Ngati wogula akufuna kuikonza, pitani naye mukasinthe dzina. Ngati ikupita kukaphwasulidwa, kadziwitseni a Road Traffic kuti ichotsedwe m'kaundula, ndipo blue book musaipereke kwa wogula zitsulo zakutha. Munthu wogula zitsulo pa sikelo blue book akufuna atani nayo?

Werengerani ngati banja

Mtengo umene wogulitsa akutchula ndi chiyambi chabe. Khalani pansi awiriwiri, bambo ndi mayi, ndi pepala ndi cholembera. Lembani mtengo wa chitsulocho, ya galimoto yokoka, zipangizo, amakaniko, wowongola ndi wopenta, matayala, batire, maulendo a ku Zomba amene sakhala amodzi, zolipira ku maofesi, msonkho ngati ulipo, ndi inshulansi. Onjezeranipo kena kake, chifukwa makaniko akatsegula injini sabwerako chimanjamanja. Kenaka yerekezani ndi mtengo wa galimoto yoyenda ya mtundu womwewo. Ngati kusiyana kwake kuli kochepa, mukugula mavuto pa mtengo wa galimoto yabwino. Ndipo ngati ndalamazo zikuchokera kwa mwana wa ku Joni, muuzeni zoona zonse, chifukwa ndi thukuta lake.

Pali nthawi imene yankho labwino ndi kugula galimotoyo ngati nkhokwe ya zipangizo basi, pa mtengo wa zipangizo, mukudziwa kuti siidzayendanso. Palibe manyazi pamenepo, bola umwini wake ukhale woyera, pakuti ngakhale chitseko cha galimoto yakuba ndi katundu wakuba. Choopsa ndi kulipira mtengo wa galimoto pa chinthu chimene lamulo silidzachilola kutuluka pageti.

Ngati zonse ndalembazi zakuchulukirani, sungani funso limodzi lokha loti mukamufunse wogulitsa musanatulutse ndalama: “Achimwene, tingapitire limodzi ku Road Traffic ndi kupolisi sabata ino, transipoti ndilipira ine?” Wogulitsa chake amavala nsapato. Amene wayamba kukuuzani kuti mapepala si nkhani, kuti blue book ili kwa alamu ake ku Lilongwe, kuti pali wina akubwera ndi kashi madzulo ano, wakuyankhani kale. Paja safunsa adadya phula.

Mwezi wa mawa tidzakambirana za njinga zamoto za kabaza, zimene zambiri zikuyenda m'midzi mwathu popanda nambala, ndi zimene banja limakumana nazo imodzi ikachita ngozi. Pitirizani kunditumizira mafunso anu.